Tambala, nyali ndi malonjezo opanda mtengo: mmene Malawi anavotera potuluka mu ulamuliro wa Kamuzu

Kumayambiriro kwa chaka cha 1993, magulu ofuna matipate anatsala pang'ono kunyanyala riferendamu chifukwa cha mabokosi. Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linkafuna kuti pamalo aliwonse ovotera pakhale mabokosi awiri, lina la ofuna chipani chimodzi, lina la ofuna zipani zambiri. A bungwe lotsogoleredwa ndi azipembedzo la Public Affairs Committee, UDF ndi AFORD anakanitsitsa kuti bokosi likhale limodzi, apo ayi iwo satengamo mbali. Wongomva nkhaniyi lero angaganize kuti akuluakuluwo ankalimbana ndi zazing'ono, koma mabokosi awiri m'mudzi wa nthawi imeneyo anali msampha. Mapazi amamveka. Wapampando wa nthambi ya chipani ataima chapafupi akanadziwa kuti mwana wa uje wapotolokera kumanzere kapena kumanja. Bokosi lodzaza limalemera, ndipo wolinyamula amadziwiratu lomwe liyenera kusowa panjira. Komanso munthu akanatha kulowa osaponya, n'kutuluka ndi pepala lake m'thumba, kukaligulitsa kwa wina woti akaponye mapepala khumi nthawi imodzi.

Bungwe la United Nations litalowererapo, mbali ziwirizi zinakumana pakati. Pa 14 Juni 1993 wovota ankaonetsa chiphaso chake cha kalembera, chala chake n'kupakidwa inki yosafufutika, kenaka n'kupatsidwa mapepala awiri ndi envelopu. Pepala lina linali ndi tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi, linalo linali ndi nyali. Akalowa m'kachipinda kobisika ankaika pepala lomwe wasankha mu envelopu, lotsalalo n'kuliponya m'bokosi la zotaya lomwe linali momwemo, basi n'kutuluka kukaponya envelopu m'bokosi limodzi lija aliyense akuona. Njirayi inali ndi kachibowo kake, poti munthu woopsezedwa akanatha kubisa pepala lotsala n'kukalionetsa kwa womuopsezayo ngati umboni wa mmene wavotera. Komabe gogo wosadziwa kulemba sankafunika cholembera, ndipo palibe amene akanamuwerenga mapazi.

Ndayambira pa bokosi dala. Pa nkhani ya malamulo a masewero, Amalawi a 1993 ndi 1994 anachita khama lodabwitsa, anakangana pa kanthu kalikonse mpaka kakonzeka. Pa nkhani ya zomwe opambana adzachite akalowa m'boma, khama lotere panalibe. Mamanifesito analembedwa, anasindikizidwa, koma sanafunsidwe mafunso ngati omwe bokosi linafunsidwa. Zotsatira za mbali zonse ziwirizi tikukhala nazo mpaka lero.

Zomwe zinatifikitsa pa riferendamu n'zodziwika, sindichedwapo. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, kudzudzula umphawi, kusowa kwa ufulu wolankhula ndi kutsekera anthu popanda mlandu. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi sitalaka ya ogwira ntchito ku David Whitehead mu Blantyre inasanduka zipolowe, anthu ambiri n'kuphedwa ndi apolisi, ndipo mwezi womwewo maiko otithandiza atakumana ku Paris anaimitsa thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la anthu ovutika. Dziko linali pa chilala choopsa, likusunganso othawa nkhondo ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni. Mu Okutobala Kamuzu analengeza riferendamu. Ankakhulupirira kuti anthu ake amamukonda ndipo apambana.

Tsiku loyamba lomwe boma linaika linali 15 Malichi 1993. Akatswiri a United Nations analangiza kuti lisunthidwe, ndipo linapita ku Juni. Miyezi itatu imeneyo inali yamtengo wapatali kuposa ndalama iliyonse yomwe otsutsa akanapatsidwa. Amene ali m'boma amafuna chisankho chamsangamsanga chifukwa ali kale ndi nthambi m'mudzi uliwonse, magalimoto, mafumu ndi wailesi. Wotsutsa amayambira pansi: apeze munthu wolimba mtima m'mudzi, amuphunzitse, apeze wina woti adzakhale monitala pamalo ovotera kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka kuwerenga kutha usiku pa nyali, ndipo monitalayo adye, akhale ndi pepala ndi cholembera, adziwe kuti sasaina fomu ya zotsatira asanaone manambala ndi maso ake. Zimenezi sizitheka m'masabata ochepa chabe.

Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo wailesi yakanema kunalibe mpaka 1999. Misonkhano ya Ngwazi inkaulutsidwa yonse, pomwe ya otsutsa inkangotchulidwa mwa apo ndi apo. Uthenga wa boma unali umodzi wobwerezedwa tsiku ndi tsiku: matipate ndi nkhondo, taonani anzathu a ku Mozambique. Otsutsa ankadalira BBC, nkhani za m'Chinyanja za Channel Africa, timakalata toyenda pa fakisi ndi pa makina a fotokope, maguwa a m'matchalitchi, ndi tinyuzipepala tatsopano tomwe tinabuka ngati bowa. Pofika chisankho cha 1994 zinthu zinasinthako, chifukwa lamulo latsopano la zisankho linapatsa chipani chilichonse nthawi yaulere pa wailesi, ndipo bungwe loyendetsa chisankho, lomwe wapampando wake anali Justice Anastasia Msosa, linkaonetsetsa kuti nthawiyo ikuperekedwa.

Kalembera ndiye amaulula zambiri. Pa riferendamu, pomwe zaka zovotera zinali 21, m'kaundula munali maina pafupifupi 4.7 miliyoni. Chaka chotsatira zaka zovotera zinatsitsidwa kufika pa 18, kutanthauza kuti ovota amayenera kuchuluka, koma kalembera watsopano anapeza anthu osakwana 3.8 miliyoni. Mavoti oponyedwa pa zisankho ziwirizi anali ofanana ndithu, kupitirira pang'ono 3 miliyoni. Apa n'zoonekeratu kuti kaundula woyamba uja anali wofufuma, wodzaza maina akale ndi obwerezabwereza. Kaundula wotere sabera yekha, koma amasiya mpata, chifukwa dzina lililonse lopanda mwini ndi pepala lovotera lomwe wina angaligwiritse ntchito. Chomwe chinatseka mpatawo mu 1993 chinali inki pa chala ndi kuwerengera mavoti pamalo pomwe aponyedwera, mamonitala a mbali zonse akuona. Mu 1994 vuto linasamukira pa ziphaso, ndipo oyang'anira chisankho analandira madandaulo oti m'madera ena mafumu ndi akuluakulu a zipani ankalanda kapena kugula ziphaso za anthu. Wolanda chiphaso safuna kuti akavotere, amangofuna kuti mwini wake asavote.

Nyali inapambana ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 aliwonse. Kumpoto ndi kummwera anthu oposa 80 pa 100 anasankha matipate, pomwe m'chigawo chapakati awiri mwa atatu anasankha tambala. Mapu a chisankho cha 1994 anali atajambulika kale pamenepa, kungoti ambiri sanafune kuwayang'ana.

Kupambana riferendamu sikunasinthe lamulo ngakhale limodzi. Nyumba ya Malamulo inali ya MCP yokhayokha, ndipo inayenera kukumana n'kudzichotsera yokha mphamvu. Inafafaniza gawo 4 la malamulo oyendetsera dziko lomwe linkati chipani n'chimodzi, inakhululukira omwe anathawira kunja kuti abwerere, ndipo pofika kumapeto kwa 1993 upulezidenti wamuyaya unathetsedwa, pamodzi ndi lamulo lolanda katundu wa anthu ndi lija loletsa amayi kuvala mathalauzi. Makhoti amiyambo omwe anaweruza Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe anaimitsidwa. Ntchito yokonza zonsezi inkachitikira mu National Consultative Council, momwe chipani chilichonse cholembetsedwa chinali ndi mipando yofanana. Uku kunali kuchenjera kwabwino, chifukwa palibe chipani chomwe chinkadziwa ndithu kuti chipambana, choncho chilichonse chinkafuna malamulo oti chikaluza chisaponderezedwe. Koma changu chinali chachikulu. Malamulo atsopano oyendetsera dziko anavomerezedwa pa 16 Meyi 1994, kutatsala tsiku limodzi kuti anthu avote, ndipo anayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi mongoyembekezera kwa chaka chimodzi. Anthu anasankha pulezidenti asanawerenge mphamvu zomwe akumupatsa.

Panatsala mfuti. A Malawi Young Pioneers anali gulu la chipani lokhala ndi zida, makampu m'maboma ambiri ndi mafailo a anthu. Chisankho chochitika gulu lotere lili chilili sichikanakhala chamtendere, ngakhale bokosi likhale limodzi. Zokambirana zowalanda zida zinkangozengerezeka, mpaka pa 1 Disembala 1993 apayoniya atapha asilikali awiri ku Mzuzu. Patatha masiku awiri asilikali anayamba Operation Bwezani, kugumula makampu ndi maofesi a gululi, ndipo apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Nthawiyi Kamuzu anali akuchira opaleshoni ya m'mutu yomwe anachitidwa ku Johannesburg, dziko likuyendetsedwa ndi Gwanda Chakuamba, John Tembo ndi Robson Chirwa. Chomwe sitimachiyamikira mokwanira n'chakuti asilikaliwo atamaliza anabwerera ku mabalaki. Mpando unali pambalambanda, sanaukhudze.

Tsopano ku mamanifesito. Zipani zisanu ndi zitatu zinaimika anthu pa mipando ya uphungu, koma zamphamvu zinali zitatu, ndipo mukaika mabuku awo pamodzi n'kuphimba zikuto, n'zovuta kudziwa kuti ili ndi la yani. Onse ankalonjeza ufulu wachibadwidwe, makhoti oima paokha, malonda opanda zopinga, kuthandiza alimi ang'onoang'ono ndi kuchepetsa umphawi. Kufanana kumeneku kunali ndi zifukwa zake. Kuyambira 1981 chuma cha Malawi chinali pansi pa mapologalamu a World Bank ndi IMF, ndipo aliyense wolowa m'boma ankadziwa kuti thandizo lomwe linaimitsidwa libwerera pokhapokha atatsata njira yomweyo. Mfundo zazikulu za chuma zinali zitagamulidwa kale kwina. Chachiwiri, UDF ndi AFORD sizinabadwe ngati zipani za mfundo, zinabadwa ngati magulu ofuna kuchotsa chipani chimodzi. M'menemo munali amalonda, aphunzitsi, maloya, abusa, a mabungwe a apantchito ndi andende akale, anthu omwe ankagwirizana pa chinthu chimodzi chokha. Chinthucho chitatheka pa 14 Juni, gulu lililonse linatsala ndi miyezi 11 yoti lidzipezere chifukwa china chokhalira limodzi. Chachitatu, mabukuwo analembedwa m'Chingerezi, m'dziko lomwe akuluakulu ambiri, makamaka amayi akumudzi, sankatha kuwerenga ngakhale Chichewa.

Ndiye manifesito enieni anali a pa nsanja. A MCP ankakumbutsa anthu za mtendere ndi bata, nsanamira zinayi zija za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, komanso zitatu zomwe Kamuzu ankanena kawirikawiri: chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. A UDF ankafunsa khamu kuti "Zinthu zatani?" khamu n'kuyankha kuti "Zasintha!" ndipo ankakumbutsa anthu za makadi achipani omwe munthu ankakakamizidwa kugula asanalowe mumsika kapena kukwera basi, mphatso zokakamiza za nkhuku ndi mazira, ndi abale omwe anasowa. A AFORD ankadalira kulimba mtima kwa Chihana, yemwe anatchula MCP kuti chipani cha imfa ndi mdima, ndipo ankaloza chala UDF kuti yadzaza anthu akale a Kongeresi. Pamenepo sankanama, poti Bakili Muluzi anakhalapo mlembi wamkulu wa MCP, ndipo Aleke Banda anali mmodzi mwa akuluakulu a chipanicho asanatsekeredwe zaka 12. Mkangano wonse unali wa dzulo, wa yemwe manja ake ndi oyera. Za mawa zinkangotchulidwa pothera msonkhano.

Mfundo zikafanana, wovota amafunsa funso lina: mwa atatuwa, amene adzandikumbukire ndani? Pa 17 Meyi 1994 Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100, Kamuzu 33, Chihana pafupifupi 19, Kamlepo Kalua osakwana 1. Muluzi anatenga pafupifupi 78 pa 100 kummwera, Kamuzu 64 pakati, Chihana 88 kumpoto. Pa mipando 177, UDF inapeza 85, MCP 56, AFORD 36, ndipo mipando yonse 33 yakumpoto inapita ku AFORD. Ambiri amangoti uku kunali kusankhana mitundu, koma ine ndimaona kuti mawuwa amabisa zambiri. Anthu akumpoto ankakumbukira kuti Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mu 1968, kuti ana awo anachepetsedwa malo ku yunivesite, ndi kuti mu 1989 aphunzitsi ochokera kwawoko analamulidwa kubwerera kukaphunzitsa kwawo. Anthu apakati anaona likulu likusamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo ankaopa kubwezeredwa. Kumpoto kuli Atumbuka, Atonga, Ankhonde, Alambya ndi ena, koma anavota ngati munthu mmodzi, kusonyeza kuti chinawamanga pamodzi ndi zomwe anakumana nazo. Ntcheu ili m'chigawo chapakati koma inatsata UDF, pomwe ku Nsanje, kummwera kwenikweni, MCP inapeza mipando chifukwa cha Chakuamba. Anthu anavotera mbiri yawo, poti pa tebulo panalibe china chosiyanitsa zipani.

Kagawidwe ka madera a aphungu kanathandizira. Mipando inakwezedwa kuchoka pa 141 kufika pa 177: kumpoto 33, pakati 68, kummwera 76. Malinga ndi kalembera wa anthu wa 1987, kumpoto kunali anthu pafupifupi 11 pa 100 koma kunapatsidwa mipando yoposa 18 pa 100, pomwe kummwera, komwe kunali theka la anthu onse, kunapeza 43 pa 100. Zifukwa zake zilipo zomveka, monga kutalika kwa mitunda ndi kuvuta kwa mayendedwe. Koma njira yoti wotsogola ndi voti imodzi watenga mpando imachititsa kuti chipani chokhala ndi otsatira 20 pa 100 m'chigawo china chituluke chimanjamanja, ndipo mapu amaoneka ogawikana kuposa mmene mitima ya anthu ilili. Chipani chikaona kuti kwinako sichipatako kanthu, chimaleka kupitako, n'kumangolimbitsa kwawo.

Lonjezo limodzi lokha ndilo linali logwirika, ndipo ndi lomwe liyenera kuphunziridwa ndi aliyense wolemba manifesito: sukulu yaulere ya pulayimale. UDF inalinyamula ngati mbendera. Boma la MCP linali litayamba kale kuchotsa fizi pang'onopang'ono, kuyambira Sitandade 1 ndi atsikana osabwereza kalasi, koma UDF inati ichotsa yonse nthawi imodzi, yunifolomu osakakamizanso. Muluzi analumbira pa 21 Meyi, ndipo patangotha miyezi inayi sukulu zinatsegulidwa fizi palibe. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Palibe wokana kuti ichi chinali chinthu chabwino. Chinaonetsa kuti makwacha ochepa aja ndiwo ankatsekereza ana oposa 1 miliyoni pakhomo, ndipo alipo madokotala ndi aphunzitsi lero omwe akanathera kubusa.

Koma walira mvula walira matope. Tiyeni tiwerengere limodzi. Ana atsopano 1.1 miliyoni, mukawagawa 60 pa kalasi, akufuna zipinda zoposa 18,000 ndi aphunzitsi oposa 18,000, osawerengera nyumba za aphunzitsiwo, zimbudzi, mijigo, mabuku, choko ndi mabolodi. Makoleji a aphunzitsi omwe analipo sakanatulutsa chiwerengero chimenecho ngakhale m'zaka zisanu. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri osadutsa kukoleji, n'kuwapatsa maphunziro a masabata awiri kapena atatu. Taganizirani mtsikana wa satifiketi ya JC ataima pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu, kutsogolo kwake ana oposa 100 atakhala pa fumbi, wina wa zaka 6, wina wa zaka 13, buku limodzi akulimbirana asanu. Mvula ikangoyamba kudontha, sukulu yaweruka. Mwana amene wakhala kumbuyo samva chilichonse, chaka chikatha amabwereza, akabwereza kawiri amasiya. Pologalamu yophunzitsa aphunzitsiwa ali pa ntchito, ya MIITEP, inadzayamba patapita zaka zoposa ziwiri. Ndipo ana aja atafika Sitandade 8, malo a ku sekondale anali ochepa, mpaka boma linasandutsa malo a maphunziro apakalata a MCDE kukhala ma CDSS, ambiri opanda labotale kapena laibulale.

Vuto silinali lonjezolo. Vuto linali lakuti pa nthawi ya kampeni panalibe mkangano wa manambala. Lonjezo lililonse la m'manifesito liyenera kupirira mafunso omwe mayi wa geni amadzifunsa asanapite kukapikula: anthu ake ndi angati, mtengo wake ndi wotani pa chaka, ndalamayo ichokera pa msonkho uti kapena kwa wothandiza uti, ogwira ntchitoyo alipo kapena ayambe aphunzitsidwa, chiyambe n'chiyani, ndipo tisiya chiyani kuti ichi chitheke. Mafunsowa akanafunsidwa, mwina fizi ikanachotsedwa makalasi awiriawiri pa chaka, makoleji akukuzidwa nthawi yomweyo. Mwinanso akanasankhabe kuchotsa yonse kamodzi, koma anthu akudziwa mtengo wake. A MCP, omwe anali ndi mafailo onse a unduna wa zamaphunziro m'manja, anali otanganidwa ndi kuteteza mbiri ya Ngwazi.

Chomwe sichinalembedwe m'manifesito aliwonse ndicho chinawawa kwambiri. Mu Febuluwale 1994, chisankho chisanachitike, kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uziyenda ndi msika. Inachoka pa makwacha anayi ndi theka pa dola imodzi kufika pafupifupi K15 chaka chisanathe. Mu 1995 mitengo ya zinthu inakwera ndi 83 pa 100. Sabuside ya feteleza inachotsedwa m'zaka zomwezo. Ngongole za alimi za m'makalabu, zomwe zinkayendetsedwa ndi bungwe la boma la SACA ndipo kwa zaka zambiri zinkabwezedwa pafupifupi zonse, zinagwa. Chilala cha 1992 chinayambitsa, koma ndale zinamaliza: kubweza kuja kunkadalira mantha, poti wolephera ankalandidwa mbuzi kapena malata, ndipo mantha atachoka, andale ena n'kumauza anthu pa misonkhano kuti ngongolezo asabweze, dongosolo lonse linatha. Malawi Rural Finance Company yomwe inalowa m'malo inabwera ndi chiwongoladzanja cha pamsika chomwe mlimi wa chimanga sakanachikwanitsa. Mlimi yemwe anavotera kusintha anapeza thumba la feteleza litakwera kangapo, ngongole palibe. Ufulu wolima fodya wa bale, womwe kale unali wa eni maesiteti okha, unathandiza ena, koma sunafike kwa onse. Starter Pack ya 1998, pologalamu yogawa mbewu ndi feteleza pang'ono kwaulere, inali kuyesa kutseka dzenje lomwe palibe chipani chinachenjeza anthu kuti likubwera. Mawu oti "ufulu sitidya" anayamba kumveka nthawi imeneyi, ndipo ndi mawu oopsa m'dziko lomwe langotuluka kumene mu ulamuliro wankhanza.

Za milandu yakale, zipani zinalankhula kwambiri pa nsanja koma panalibe ndondomeko yogwirizana. Boma latsopano linakhazikitsa komiti ya Justice Michael Mtegha yofufuza imfa za nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, komanso phungu David Chiwanga, omwe anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983. Kamuzu ndi John Tembo anazengedwa mlandu ndipo khoti linawapeza osalakwa mu Disembala 1995. National Compensation Tribunal, yomwe inkapereka chipukutamisozi kwa ozunzidwa mu ulamuliro wakale, inalandira madandaulo zikwizikwi, koma ndalama zinali zochepa ndipo ambiri anangolandira kachiyambi chabe. Bungwe loti anthu akafotokoze poyera zomwe zinachitika kundende za Mikuyu ndi Dzaleka ndi kwa a Mboni za Yehova silinakhazikitsidwe. Poti akuluakulu a mbali zonse anadyako m'mbale ya Kongeresi, ochepa ndiwo ankafuna kuti mafailo onse atsegulidwe.

Kusowa kwa mfundo zosiyanitsa zipani kunaonekera msanga m'Nyumba ya Malamulo. Kuti boma likhale ndi aphungu oposa theka linkafunika aphungu 89, ndipo UDF inaperewera anayi. Patangotha mwezi umodzi, AFORD inagwirizana ndi MCP, chipani chija cha imfa ndi mdima, n'kukhala ndi aphungu 92, ndipo Rodwell Munyenyembe wa AFORD anakhala sipikala. Mu Seputembala Chihana anawolokera ku boma, malamulo n'kusinthidwa kuti pakhale mpando wa wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti. Mu 1996 anatulukamo, koma nduna zina za AFORD zinakana kutuluka naye. Pa migwirizano yonseyi palibe pepala lomwe linaonetsedwa kwa ovota lonena kuti tagwirizana pa mfundo izi ndi izi, tasiyana pa izi. Zokambirana zinali za mipando. Aphungu omwewo mu 1995 anafafaniza gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, ndipo mu 2001 anathetsa nyumba ya Senate isanakhalepo n'komwe. Makhansala sanasankhidwe mpaka chaka cha 2000, ndipo nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zonsezi n'zipilala zomwe zikanathandiza wovota kulondola lonjezo lake pakati pa zisankho ziwiri.

Pali mawu amodzi omwe olemba malamulo a 1994 anawasiya osamasulira, mu gawo 80, onena kuti pulezidenti asankhidwe ndi anthu ochuluka. Ochuluka kuposa mnzake wotsatira, kapena oposa theka la onse? Muluzi analowa ndi 47 pa 100 popanda wodandaula, ndipo Kamuzu anavomera kugonja pa wailesi zotsatira zonse zisanalengezedwe, chinthu chomwe tiyenera kumulembera ngakhale tikukumbukira zina zonse. Ku Kenya mu Disembala 1992 Daniel arap Moi anali atapambana ndi mavoti 36 pa 100 chifukwa otsutsa anagawikana, choncho ngozi yake inali yodziwika. Chisankho cha 1999 chitatha, khoti lalikulu la apilo linagamula kuti wotsogola ndiye wapambana. Kuyambira pamenepo masamu a chipani chilichonse anali osavuta: gwira chigawo chako, tolako pang'ono kwina, walowa. Bingu wa Mutharika analowa mu 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100, Peter Mutharika mu 2014 chimodzimodzi. Wofuna 36 pa 100 safunika manifesito okopa mlimi wa mpunga ku Karonga, wa fodya ku Kasungu ndi wothyola tiyi ku Thyolo nthawi imodzi. Kumasulira kumeneku kunasintha pa 3 Febuluwale 2020, pomwe majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 chifukwa cha mafomu a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex ndi ena osasainidwa, n'kugamula kuti wopambana apeze mavoti oposa theka. Panali patatha zaka pafupifupi 26 chilembedwere mawu aja.